Fuloti ya Mkuwa ya ku Mpulungu

Dambwa North,
Livingstone.
12 April, 2023.

Okondedwa asisi a Tionenji,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mpulunguko pamodzi ndi alamu a Jonah. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati wakalekale, nkhani iyi siyapafoni. Bambo a Inonge, a Mundia, akuti makutu awo anatha ndi phokoso la maboti, koma ndikangoti “halo” mudzawapeza aima pakhomo.

Asisi, ine mtima suli m’malo. Mukudziwa kuti chipumire pantchito yoyendetsa alendo pamtsinje, a Mundia anagula chiinjini chakale cha boti, chachikulu msinkhu kuposa mwana wathu Inonge. Anachimasula chonse. Mabeseni anga akununkha petulo, ngakhale thebulo lodyera linasanduka galaja. Ndinkangoseka, ndati bola akupeza chochita. Mwezi wathawu ndi pamene anaulula kuti injiniyo ikangolira bwino tikusamukira kwawo ku Senanga, azikanyamula anthu pamadzi. Ine ku Senanga! Chilozi changa chimathera pa moni. Nanga malo anga ogulitsira zovala za salaula kumsika, kwaya yathu, kamdzukulu kanga kamene kangoyamba kuyenda, ndizisiyire yani?

Chatsala n’chimodzi chokha. M’kabuleta, momwe petulo amasakanikirana ndi mpweya, muli kachitini koyandama kotchedwa fuloti. Ndi kamene kamatseka petulo akadzaza. Kawo kanabooka, ukakagwedeza pakhutu umamva petulo akuti khuchukhuchu m’kati. Dzana anaimbira alamu kuti awafunire korijino, kenikeni ka kufakitale, kwanuko, poti kunyanja mainjini akufa ngambiri.

Pempho langa ndi ili, ndipo musandiweruze. Alamu akabwera ndi mafuloti, inu musankhe ka gong’a, konyenga kaja, mutumize kameneko. Kuzindikira sikovuta, ine ndaphunzira mosafuna chifukwa nyumba ino nkhani yake ndi yomweyi mpaka pakudya. Korijino nka mkuwa wachikasu, kali ndi mzere wowotcherera kuzungulira pamimba, ndi nambala yodinda yolowa m’kati. Mukakakanda ndi pini kamakhala kachikasu mpaka pansi. Ka gong’a nkachitsulo kongopaka utoto. Tengani maginito wa pachitseko cha fuliji: kakamamatira, ndi komweko ndikufunako. A Mundia maso anayamba kuchita chifunga, mwina sadzaona. Injini izingotsamwa petulo n’kumazima, iwo atope, tikhale.

Dikirani, akundiitana panja.

Asisi, ndabwerera. Werengani bwino kuyambira apa.

Ndawapeza kuseri kwa nyumba, injini ataipachika m’diramu ya madzi momwe amayeseramo. Kani m’mawa muja anapita ku Libuyu kwa mnzawo a Munsaka, n’kubwerako ndi fuloti yomwe ija ndimakupemphaniyi. Aikamo kale. Atakoka chingwe injini yalira, utsi tolo, madzi kuthovokera pa zovala zanga zapachingwe.

“Amake Inonge, mwamvela?” akutero, mano onse panja. “Pa Saturday niyenda kuiyesa pa mumana wa Zambezi.”

Ndati, “Si inu nomwe munandiuza kuti ya gong’a imalira m’diramu mokha, ikakumana ndi mafunde imakakamira?”

“Ni gong’a, niziba. Manje nizalindila mpaka liti? Ikazima nili na nkhafi.”

Nkhafi! Munthu woti akanyamula ndowa yamadzi amapumira panjira. Asisi, inu simunauone Zambezi mwezi uno. Wadzaza mpaka m’mitengo, ndipo utsi wa mathithi tikuuona tili konkuno kumtunda. Pamene amatsitsira maboti mpamtunda pa mathithiwo pang’ono chabe. Injini ikazima pamenepo, madzi sakufunsa kuti unagwirapo ntchito zaka zingati. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti chinthu chimenechi ndi chomwe ndimati muwatumizire ndi dzanja lanu.

Ndiye pakamwa pangothamanga pokha. Ndawauza kuti mwandiimbira, alamu apeza kale korijino, ka mkuwa weniweni, kakubwera pa basi. Anazimitsa injini n’kundiyang’ana.

“Ya number yodinda?”

Ndati eya, yodinda.

Basi, anamasula kabuleta pomwepo, kuchotsa ka gong’a kaja n’kukaponya m’chitini cha misomali. Akuti adikira. Panopa ali kuchipinda, akuyeza ndi chingwe ngati kabati yanga ingakwane pa lole, akuimba nyimbo za kwawo. Sindinawamvepo akuimba chisiyire ntchito.

Choncho zimene ndalemba kumtundako muzitembenuze, ndilibe mphamvu yoyambiranso pepala lina. Chokakamira maginito mutaye kutali. Korijino mukakapeza mukaviike m’madzi otentha, mukaona tithovu tikutuluka ndiye kuti nakonso nkobooka, funani kena. Alamu ayende gombe lonse, afunse ngakhale kwa asodzi a ku Tanzania. Chonde fulumirani, munthuyu kudikira kwake nkwa masiku ochepa, ndipo kachitini ka misomali kaja akudziwa pamene kali.

Musandifunse ngati ndavomera zopita. Sindinavomere. Ndakwiya, ndipo ndikuopa, ndipo ndikangomaliza apa ndikukayang’ana makatoni kwa Gladys wa pagolosale.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudalira maso awo. Moni kwa ana onse. Inonge sindinamuuze kanthu, nanunso musayambe ndinu. Mukamayankha mulembe adiresi yomwe ino ya ku Dambwa, ikadali yanga. Koma fulotiyo musalembe dzina langa, mulembe la a Mundia. Ine sindingathe kukailandira ndekha ku siteshoni.

Ndine mng’ono wanu,
Perpetua.