Mbira yokulira mumtsuko

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Alongo anu a Malizani akadali moyo ku Chipoka. Maso adatha, koma pakamwa mpomwe paja. Ndayamba ndi iwo chifukwa ndiwo andilembetsa kalatayi. Kupositi sindipita nayo. Masiku ano makalata amafika otsegula, ndipo anyamata a chipani a malaya ofiira aja amafuna kudziwa ngakhale zimene munthu akuuza amake.

Chikuikireni m'manda mvula yagwa kanayi. Mpunga wa kusikimu ku Lifuwu udacha bwino, ngakhale ndikuganiza kuti wina amanditsekera madzi ndikangochoka. Mwana wanga woyamba uja adabereka mapasa. Ine mwendo ukutupa.

Mbira zanu ndikusungabe m'khitchini. Chaka chatha kamwana kamodzi kadatuluka mphere, ndiye ndidakachotsa kwa amake nkukaika mumtsuko wosweka kukamwa kuti kasapatsire zinzake. Udzu ndi gaga ndinkaponyera pamwamba. Mphere zidatha msanga, koma ndidazengereza mpaka mbirayo idakula. Tsiku limene ndidaibwezera, inzake idabwera kudzainunkhiza monga zimachitira, iyo nkuing'amba khutu. Mbira zikayambana, ina imagonja, nkhondo nkutha. Iyi siidziwa polekera. Imadya yokha pakona, maso ali kukhomo. Chonsecho zobadwa nazo mimba imodzi nzofatsa, mwana atha kuzinyamula. Ndiye mlandu si wa magazi, Amayi, ngwa mtsuko.

Ndidakhala pansi nthawi yaitali tsiku limenelo. Munkakonda kunena kuti kali kokha nkanyama. Mudali kuwadziwa kale mau amenewa pamene a Malizani adaona timawanga toyera pamsana panga nkunena kuti ndi khate. Mano achibwana ndidali ndisanathe kugulula. Adandimangira msasa kumunda wawo wa mpunga, ndidakhala komweko zaka ziwiri. Chakudya ankasiya pachitsa nkuimba mluzu ngati akuitana galu. Dokotala wa kumishoni atandiona adati zikanga chabe. Koma mbalame za m'munda mwawo ndidali nditawaingitsira zaka ziwirizo, ndipo mpaka lero ndimati khate lake lidali limenelo. Nditabwerera kumudzi, mnzanga adandigwira paphewa kusukulu, ine nkumuluma. Aphunzitsi adandichotsa sukulu ndili Sitandade 2. Dzina loti Chiluma lidayambira pomwepo, ndipo ndakalamba nalo.

China chimandidya. Chakudya chija munkaphika ndinu, ndinkadziwira mchere wake wochepa. Nanga bwanji simudafike pachitsapo ngakhale kamodzi? Adakuletsani, kapena mudavomera? Ndidakudwazikani mpaka tsiku lomaliza osafunsa, chifukwa ndinkaopa yankho.

Tsopano zagwera Esinati, mwana wanga wotsiriza. Adamufunsira msodzi wa ku Senga Bay, munthu waulemu wake. Ankhoswe adabwera kamodzi, kenaka zii. Ndamva kuti wina adawauza kuti mtundu wathu uli ndi khate ndiponso misala yoluma anthu. Wina ndani? Mwa amene adaona masiku ajawo watsala mmodzi, ndipo asodzi a ku Senga Bay amagona ku Chipoka akatsata usipa. Mwanayo amandipatsa madzi osamba nkhope itayang'ana kwina.

Loweruka ndikwera sitima ya pamtunda kupita ku Chipoka. Ndodo ndidzasiya kunyumba, ndipo manja ndidzawagwirira kumbuyo ngakhale andiitane dzina lija. Ichi ndikukulonjezani. Munda wawo sindiufuna, kupepesa kwawo asunge. Ndikufuna chimodzi ndisanafe: akhale pamkeka pamaso pa ankhoswe a mnyamatayo, anene ndi pakamwa pawo kuti silidali khate. Ngati mau anu amawafikabe alongo anuwo, auzeni atero.

Funso langa la pachitsa lija ndidzabwera nalo ndekha, sindichedwa.

Ndine mwana wanu wokukondanibe,
Yohane, dzina limene mudandipatsa inu.