A Rafaelo Msampha, Amene Ankakhala Chofulatira Kanema

Bungwe la Kanema wa Mabanja
Chongoni, Dedza
16 Julayi 1991

Kwa mayi Magadalena Msampha, ana ndi abale onse a malemu, ndiponso kwa anthu onse a m'midzi ya kuno ku Chongoni,

Ife a Bungwe la Kanema wa Mabanja tinalandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya bambo Rafaelo Msampha, amene anayambitsa bungwe lino, ndipo anatisiya Lachiwiri pa 25 Juni atadwala chibayo masiku atatu okha. Kalata ino yachedwa ndi masabata atatu, ndipo wolakwa pa kuchedwaku ndine wapampando, osati bungwe. Pa maliro paja mwana wa malemu anandifunsa funso, ndipo sindinafune kulemba ndisanaliyankhe.

Ambiri mukukumbukira mmene a Rafaelo anabwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni m'chaka cha 1988. Anzawo anabwera ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera, koma iwo anatsika basi pa Linthipe ndi mabokosi atatu: kanema, makina a vidiyo ndi kajenereta. Tonse tinawaseka, pakuti m'dziko muno mulibe nyumba youlutsa zithunzi. A Yohana a ku chigayo anawafunsa pagulu kuti, "A Rafaelo, zaka zonsezi pansi pa nthaka, n'kugula zenera lopanda nyumba?" Iwo anangoti, "Mudzabwera kudzasuzumirapo."

Tinabweradi. Kwa zaka zitatu, Lamulungu lililonse Misa ikatha, tinkasonkhana m'chipinda chakale cha katekisimu, mazenera atatsekedwa ndi masaka a mbatata, ana pansi pa mphasa, makolo pa mabenchi. Matepi ankakawatenga okha pa njinga ku Boma, kaya kugwe mvula kaya chifunga chitseke phiri. Anyamata atawaumiriza kuti abweretse mafilimu a nkhonya ndi mfuti, anakana, nati, "Nkhondo tili nayo kale kutsidya kwa msewuku, ine ndikufuna zoseketsa." Ana a abale athu othawa nkhondo ku Mozambiki ankalowa nawo, ndipo ankaseka pamalo pomwe ana athu ankaseka. Abambo ena amene kale Lamulungu masana ankapezeka ku mowa anayamba kupezeka pa benchi, mwana ali pamiyendo. Sitinawalalikire. Anangomva chiseko ali panja, n'kulowa.

Malemuwa sankayang'ana kanemayo. Ankakhala pa kampando pambali pake, nkhope kwa anthu, n'kumamasulira m'Chichewa zimene azungu a m'filimu akunena, pena n'kuwonjezerapo zawo. Mzungu wadazi akatulukira, ankati, "Awo a Yohana afika, chigayo atseka," a Yohana ali momwemo. Chifukwa chofulatirira kanema anandiuza tsiku lina: filimu anali ataiona kale, chimene sanaone ndi nkhope zathu.

Koma ntchito yawo yaikulu inali imene ambiri simunaione. Tepi iliyonse inkayamba yayesedwa Loweruka masana, pamaso pa oweruza awiri. Woyamba anali mwana wawo wotsiriza, Filomena, amene anayamba ntchitoyi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Wachiwiri ndinali ine, chifukwa chimwalirire mayi a kunyumba kwanga, a Bernadetta, anthu ankati palibe amene anaonapo mano anga. Lamulo linali limodzi: filimu ionetsedwe pokhapokha oweruza onse awiri ataseka. Akaseka Filomena yekha, a Rafaelo ankatulutsa tepiyo n'kunena kuti, "Iyi makolo adzagona." Ikakhala ya mawu okhaokha, Filomena n'kuyamba kusewera ndi zala zakumapazi, ankati, "Iyi ana adzatuluka." Matepi ambiri anabwerera ku Boma osaonetsedwa, ndipo ambiri mwa iwo anabwerera chifukwa cha ine. Ankakonda kunena kuti mwana amaseka munthu akagwa, pomwe kholo limaseka chifukwa nalonso linagwapo pomwepo, ndipo filimu yabwino ndi imene ili ndi zonse ziwiri.

Loweruka pa 22 Juni anandipeza ku dimba ndikukumba mbatata ya kachewere. Ankatsokomola, koma nkhope ili mwee.

"A Gervazio, ponyani khasulo. Lero ndapeza yokuthyolani nthiti."

"Mbatata sidikira," ndinatero.

"Nanga tepi ndiye idikire?"

"Mawa."

"Mawa ndi Lamulungu, mdala wouma mutu inu! Mudzafa mano ali atsopano."

Anapita akuseka, n'kukaonera awiri ndi Filomena. Filomena anaseka. Lamulungu a Rafaelo sanadzuke pa mphasa, ndipo tepiyo inatsala m'makina, woweruza mmodzi atavomera, wina asanafike.

Pobwera kumanda, Filomena, amene tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anandigwira mkono wa jekete n'kufunsa kuti, "Agogo, nanga tepi ya ababa ija mudzayesa liti?"

Tsiku lometa, a Zefaniya, akulu awo a malemu, ananena maganizo a banja. Anati makinawo apite ku Lilongwe kwa mwana wamkulu wa malemu, chifukwa kuno kulibe wodziwa kuwasamala, ndiponso si bwino kuti chiseko chizimveka pamene dothi la pamanda lisanaume. Mawuwo anali oona, ndipo makinawo ndi a banja, si a bungwe. Ife sitinatsutse. Koma mayi Magadalena anati, "Alamu, bambo a Filomena sankasiya ntchito pakati. A Gervazio abwere Loweruka. Akapanda kuseka, makina apite. Akaseka, atsale." A Zefaniya anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ngati ndi awawa, ndikasake galimoto." Anthu anaseka pang'ono, koyamba chichitikire maliro.

Ndinapita Loweruka lapitali, pa 13 Julayi. Ndinauziratu banja kuti sindidzaseka mwaulemu kapena mwachisoni, chifukwa a Rafaelo ankadziwa chiseko chabodza ngakhale atatseka maso. Tinalipo anayi: mayi Magadalena, a Zefaniya, Filomena ndi ine. Womasulira panalibe. Filomena anakoka kampando ka bambo ake, n'kukhala chofulatira kanema, maso pa ine, ndipo anayamba kubwereza mawu amene bambo ake ananena Loweruka lija, monga anawasungira.

Filimuyo ndi ya bambo wina amene watsala yekha ndi ana anayi, mayi atapita ulendo. Anagwa m'bafa. Galu anamudyera chakudya cha ana. Anaveka mwana nsapato mosemphanitsa. Ine sindinaseke. Ndinaona a Zefaniya akuyang'ana wotchi, ndiponso ndinamva mawu a Filomena akuyamba kuchepa. Kenaka bamboyo anatenga simbi kuti asite malaya ake oyera, mwana analira kuchipinda, iye anathamangirako, ndipo pobwera anapeza chibowo pamsana pa malayawo, chofanana ndendende ndi simbiyo. Anavala malayawo, n'kuvala chijasi pamwamba, n'kupita ku msonkhano dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, anthu akumupempha kuti avule, iye akukana. Filomena ananena ndi mawu a bambo ake enieni kuti, "Awo a Gervazio, jekete savula."

Mwezi woyamba a Bernadetta atamwalira, ndinawotcha malaya anga a ku tchalitchi ndi simbi ya makala, ndipo ndinavala jekete Okutobala yense. Ndinkayesa kuti palibe amene anadziwa. Ku tchalitchiko a Rafaelo ankakhala pa benchi ya kumbuyo kwanga.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Mayi Magadalena anaseka akupukuta misozi ndi nsalu. Filomena sanaseke. Anadikira filimu ithe, monga ankachitira bambo ake, anaimirira, n'kunena kuti, "Yapambana." A Zefaniya anavala chipewa chawo nati, "Wagalimoto uja ndimuuza asabwere."

Bungwe likuthokoza a Zefaniya ndi banja lonse chifukwa chosunga mawu awo, ndipo likulonjeza kusamala makinawo monga mwini wake ankawasamalira, ndi kusunga lamulo la oweruza awiri popanda kulifewetsa. Tsiku limene banja lidzawafune, tidzawapereka osafunsa chifukwa.

Mayi Magadalena, m'dzina la mamembala onse a bungwe lino, abambo, amayi ndi ana amene amuna anu anawakhazika pa benchi imodzi, landirani chipepeso chathu. Sitinganene kuti chisoni chanu chidzatha msanga, pakuti amene tinadutsamo tikudziwa kuti chimachedwa, ndipo chimabwerera pa tinthu tating'ono, monga simbi ndi malaya. Tikupempha Mulungu kuti akupatseni mphamvu inu ndi ana anu, ndiponso kuti alandire mzimu wa a Rafaelo mu mtendere wake wosatha.

Mololedwa ndi banja, tepi yotsiriza imene a Rafaelo anasankha idzaonetsedwa Lamulungu likudzali, pa 21 Julayi, Misa ikatha, m'chipinda chomwe chija. Bwerani ndi ana anu. Amene adzalire alire, palibe adzamuletse. Koma filimuyi yayesedwa, ndipo oweruza onse awiri anaseka.

Ine wanu pa chisoni chimenechi,

Gervazio Kamtedza
Wapampando, Bungwe la Kanema wa Mabanja