Swichi ya m'bafa mwa Prisca

Bambo a Tapiwa,

Mukafika simundipeza, ndathamangira kuchipatala. Swichi ya m'bafa ija yandigwira shoko m'mawa uno nditaikhudza ndi dzanja lonyowa, mpaka pano mkono uli dzanzi. Ndathimitsa magetsi a nyumba yonse, musayatse, ndipo Tapiwa asalowe m'bafamo. Pepani, sindinaphike.

Dzulo ndinali ku Gimboki kwa Prisca, wa kwaya yathu uja, ndipo ntchito yanu ndinaiona. Swichi munamuikira kunja kwa chitseko, kutali ndi madzi, mawaya onse obisika bwinobwino m'paipi. Mwini wake akuti, "Amuna anu ndi osamala, anati sangalole kuti ine ndivulale." Mawu akuti "ine" anawatchula akumwetulira.

Kwanu kuno swichi ili pambali penipeni pa shawa, yomata ndi tepi, ndipo chaka chonse mumangoti mawa. Kodi thupi la Prisca lokha ndi limene limamva magetsi?

Muichotse lero, muiike panja ngati yakeyo. Mukalephera, sopo ndi thaulo ndakuikirani pakhomo, muzikasamba komweko kotetezekako.

Ndine mkazi wanu amene sanafe,
Mailesi