Ana Anditsekera Shedi

Achimwene,

Kuno tadzuka, kaya inu ndi alamu kumeneko.

Ine ndatopa nawo ana athuwa. Atseka shedi yanga ya ukalipentala, makiyi abisa. Akuti, "Bambo, pumani, muziweta nkhunda." Munthu ndakhoma madenga ndi zitseko moyo wanga wonse, lero ndizikhala pakhonde kudyetsa mbalame? Mipando imene amakhalira pondiweruzayo ndinapanga ndine.

N'zoona, dzanja lamanjali limanjenjemera, ndipo dzana macheka anandipulumuka. Koma zala zonse zilipo. Adokotala anandijambula m'chifuwa, akuti chifuwachi si cha fumbi la matabwa lokha ayi. Zinazo tidzakamba pamaso, anawa sindinawauze.

Mubwere mudzatenge randa yopalira matabwa ija munkaisirira. Koma musachedwe kwambiri.

Ndine mng'ono wanu,
Kalipentala