Kabokosi Kolola Anthu Makumi Awiri

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Nanga bondo lija likuti bwanji? Munapita nalo kuchipatala, kapena mukungolimanga kansalu monga mwa chizolowezi chanu? Ine kuno thupi lili bwino ndipo ntchito ndikugwira, koma mutu sukuyenda ayi. Ndabalalika, achemwali.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ndili nayo. Pa foni inu mumandidula mawu ndisanafike ndi pakati pomwe, ndiye nkhani iyi ikufunika muimve yonse. Ndapatsira adalaivala a thiraki aja anakubweretserani bulangete.

Mwina mwamva kale kuti mlamu wanu wandikwiyira. Wandibuloka paliponse, ndipo ndamva kuti watenga mwana wapita kwa makolo ake. Akuti ndili ndi mkazi kuno. Ndilibe mkazi ine, achemwali. Chimene chikundipasulira banja ndi kabokosi kapakhoma, ndipo ndikudziwa kuti mwayamba kale kupukusa mutu.

Nyumba imene ndikukhala ndi yosanjikiza, ya zipinda zambiri, tonse ndife olipira lendi. Changa chili pansi penipeni, pafupi ndi mapaipi a madzi, ndipo netiweki ya foni simufika. Kuti uimbe uyenera kukaima kumsewu, mayunitsi n'kutha moni usanamalize. Choncho tonse timadalira waifai ya eni nyumba. Imachokera mu kabokosi koyera kamene anakhomera pakhoma la pamasitepe, ka tinyanga tiwiri ndi timagetsi tophethira. Amati rauta.

Kabokosiko kali ndi khalidwe lake. Kamalola mafoni makumi awiri okha nthawi imodzi. Akabwera wina pamwamba pa amenewo, kamangomuyang'ana. Pasiwedi ulemba bwinobwino, foni izungulira, izungulira, kenako ikuuza kuti yalephera. Chonsecho m'nyumbamu tilimo anthu oposa makumi anayi, ena a mafoni awiriawiri. Pamwamba pa apo akuti tivi ya eni nyumba ndi kamera yoyang'ana pamasitepe nazonso zimawerengedwa ngati anthu. Apa ndi pamene ndinayambira kusokonezeka. Kamera ndi munthu? Imalipira lendi?

Miyezi yoyamba tinkamvana. Wopita kuntchito ankasiya malo, woweruka n'kulowa. Madzulo unkamva wina akufunsa pakhonde ngati alipo wamaliza, wina n'kuyankha ali m'bafa kuti wazimitsa, alowe msanga. Mwa njira imeneyi ndinkapeza mpata womuona mwana pa vidiyo masiku ambiri.

Amene anationongera ndi ometa tsitsi a chipinda chapamwamba. Bambo amenewa anatulukira kuti foni ikapanda kuchoka m'nyumba, malo ake saluza. Anayamba kusiya foni yawo yachiwiri pa chaja pamasitepe, ili yoyaka tsiku lonse, kuti kabokosi kaziyesa munthu alipo. Sabata isanathe masitepe onse anadzaza mafoni ogona pa chaja, eni ake ali kuntchito. Pokwera unkachita kusankha popondapo ngati pali anapiye.

Ine poyamba ndinakana, ndinati umenewo ndi umbombo. Koma nditakhala masiku angapo osalowa olo kamodzi, ndinagonja. Kuntchito kwathu, kufakitale yopanga makatoni, foni salola, timazitsekera m'timakabati pageti. Ndiye ndinaona kuti palibe chimene ndingaluze ndikaisiya kunyumba. Ometa aja anandilangiza kuti ndizisiya potsegula pamene timalemberana mauthenga, kuti foni isagone. Ndinawathokoza ndithu, uchitsiru wangawo.

Chimene sindinadziwe n'chakuti foni ikakhala choncho, kwa mlamu wanu imaonetsa kuti ndili pa layini. M'mawa ndili pa layini, masana ndili pa layini. Iye ankalemba osayankhidwa, kuimba osayankhidwa. Madzulo ankandifunsa kuti zimatheka bwanji munthu kukhala kuntchito komanso pa foni. Ndinamufotokozera za kabokosi, iye anati ndipeze bodza lina labwinoko. Kunena zoona, nanenso ndikamadzimvera ndikufotokoza zinkamveka ngati bodza.

Tsono tsoka linagwa tsiku lina masana. M'chipinda choyang'anana ndi masitepe mumakhala mayi wina wosoka zovala, wamkulu kuposa inu, wa imvi kale, ndipo amalera chidzukulu chake chakhanda. Khandalo litangogona, foni yanga inayamba kulira, kudula, kuliranso, osapuma. Mayiyo anatopa nayo. Anaitola n'kuyankha kuti mwini wake kulibe, abwera madzulo, ndipo woimbayo aleke chifukwa akudzutsa mwana. Achemwali, taganizani inuyo mutamva zimenezo pa foni ya alamu. Mawu a mkazi, abwera madzulo, khanda likulira chapambali.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti ankaimba kuti andiuze kuti mwana watentha thupi, ali naye kuchipatala. Ndinawerenga mauthenga ake madzulo nditaweruka. Pansi pa mauthenga onsewo panali wina waufupi, woti ndisavutike, ndilere wa konkuno. Kuyambira pamenepo kuli zii. Zoti mwana anachira ndinamva kwa mlongo wake wa mlamu wanu, nayenso anandiyankha ngati akulankhula ndi wokhometsa msonkho. Walira mvula walira matope, ine ndinalira malo pa kabokosi.

Mayi wosoka uja atamva anagwira pakamwa. Anapepesa mpaka ine ndinachita manyazi, ndipo anati ndimupatse nambala aimbe yekha pa foni yake afotokoze. Ndinakana. Mawu omwewo akamvekenso kachiwiri, popanda nkhope? Kumeneko ndi kukolezera moto.

Nkhani siinathere pamenepo. Eni nyumba anatopa ndi mikangano ya pamasitepe, anagula bokosi latsopano, lakuda, la nyanga zinayi, loti limalola anthu oposa zana. Tinasangalala tonse. Anabwera amisiri ake ndi makwerero n'kulikhomera pambali pa kakale kaja. Atalumikiza, osagwira. Anati likukana kulankhulana ndi chipangizo china chimene chili poloweramo waya wochokera kunja, chifukwa veshoni zake ndi zosiyana. Nditafunsa kuti veshoni n'chiyani, anati ndi ngati mibadwo, china ndi chamakono, china ndi chamakedzana. Anati chakalecho chikufunika kuthiramo nzeru zatsopano, koma opanga ake anasiya kupanga nzeru za mtundu umenewo. Ndinangoti oo, ngati ndamva.

Anapita, anabweranso ndi chipangizo china, anasintha, bokosi lakuda n'kuyaka. Anthu anayamba kulowa mmodzimmodzi, ometa aja ndi mafoni awo onse awiri. Ine kuyesa, kukana. Kuyesanso, kukana. Amisiri anaitembenuza foni yanga uku ndi uku, n'kunena kuti yakalamba. Akuti bokosi latsopano limatseka khomo ndi loko wamtundu wina amene foni yangayo sakumudziwa. Foni yoti imayaka, imalira mpaka kudzutsa makanda, yakalamba pati? Ngati foni ya zaka zochepa chonchi ndi nkhalamba, nanga ine ndine chiyani?

Ndinawapempha kuti abwezeretse loko wakale pa bokosi latsopanolo. Anati n'zotheka, koma eni nyumba safuna, chifukwa anthu a nyumba yoyandikana angamabe neti. Ndinafunsanso kuti vuto langa ndi kuchuluka kwa anthu kapena ukalamba wa foni. Anati zonse ziwiri, koma osati nthawi imodzi. Mpaka lero yankho limenelo ndikulitembenuza m'mutu. Chimene ndinagwirapo ndi ichi: kakale kamaidziwa foni yanga koma kanali kodzaza, latsopano lili ndi malo koma silindidziwa.

Mwamwayi sindinali ndekha. Alonda a panyumba pathu, bambo achikulire a pageti, foni yawo inakanidwanso. Tinapita awiri kukadandaula, ndipo eni nyumba anavomera kusiya kabokosi kakaleko pakhoma mpaka kutha kwa mwezi uno. Ukatha akachotsa, akuti kamangodya magetsi. Foni ina sindingagule msanga pokhapokha ndidule zimene ndimatumiza kwa mwana, ndipo zimenezo sindichita.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, achemwali. Pitani kwa apongozi anga mukamuone mlamu wanu mwezi usanathe. Inu amakulemekezani, sangakutsekereni chitseko. Koma chonde ukali wanu uja mukausiye kunyumba, musakayambe ndi kumufunsa chimene anachokera pakhomo osakuuzani. Musakandiikirenso kumbuyo kwambiri. Iye anali yekha pabenchi ya chipatala ndi mwana wotentha, ine foni yanga ili pamasitepe ikulondera malo. Akalusa mukangomumvera.

Kalatayi mukampatse awerenge yekha. Za veshoni ndi maloko akapanda kumva musakavutike kufotokoza, nanenso sindinamve. Mukangomupempha kuti anditsegulire kamodzi, aimbe pa vidiyo madzulo aliwonse amene angafune. Ndidzagogoda kwa mayi wosoka uja foni ili m'manja, awone yekha imvi zake, makina ake ndi khandalo, amve ndi mawuwo akutuluka pakamwa pa mwini wake. Akadzaona n'kunenabe kuti ndine wabodza, ndidzadziwa kuti ndayesetsa. Koma ndikuopa, achemwali. Ndikuopa kuti kabokosi kachoka pakhoma iye asanafewe mtima.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti kuseka aseke ndithu koma ine ndisamve. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa adzukulu anga onse, ndi kwa apongozi ngati angaulandire. Kwa amayi musanene kanthu kaye, mtima wawo mukuudziwa. Mwana wanga mukamunyamule m'malo mwanga, mukamuuze kuti adadi sanamuiwale.

Ndikulemba kalatayi nditakhala pamasitepe pomwepo. Anthu ena onse anasamukira ku bokosi latsopano, tivi ndi kamera zomwe, ndipo machaja aja anachoka. Pa kakale tatsala awiri, ine ndi alonda. Masiku ano ndikangofika kamandilandira nthawi yomweyo, kakuthamanga kuposa kale lonse. Malo aja tinkalimbirana angokhala, palibe akuwafuna. Ndikaweruka ndimakhala pano foni ili m'manja, neti ili tho, koma woti ndimuimbire palibe.

Tsalani bwino, ndipo musachedwe.

Ine mlongo wanu wotsiriza,
uja mumamuti Kamutu