Bambo James a mu Room 14

Lolemba, 1 September

Shift ya 8. Mvula. Kuno kunyumba yosamalira okalamba, mu Room 14 mwabwera bambo James, zaka 84. Stroke inawagwira chaka chatha, mawu amatuluka limodzilimodzi. Mwana wawo Belinda wadzaza khoma ndi zithunzi. Pa china avala zachifumu, lupanga m'chiuno, kukamwa yasa. Akuti anali tenor, woimba wotchuka wa zisudzo za opera. Milan, Vienna, New York. Mwana wa wophika buledi wa konkuno ku Drumcondra, ku Ireland. Ine ndangoona nkhalamba yokana phala.

Lachinayi, 4 September

Powameta ndevu ndimang'ung'udza kanyimbo ka kwaya yathu ya ku Mzuzu. Anandigwira dzanja. Mantha, ndimati ndawacheka. Ayi. Anabwereza mzere wonse, Chichewa chopotoka, koma mawuwo! Thupi langa lonse tsemwe. Kulankhula kumawavuta, kuimba ayi. Nurse Aggie anangoima pakhomo, thireyi m'manja.

Lachisanu, 12 September

Tsiku loipa. Belinda wawapempha kuti adzaimbe pa ukwati wa mdzukulu wawo pa 4 October. Bambo James aponya kapu pansi, n'kutembenukira kukhoma. Belinda wandiuza mu corridor: mu 1998 mawu anawathera pa siteji ku Vienna, holo itadzaza. Anatsika osatsazika. Chichokereni pamenepo sanaimbenso pagulu.

Ndakolopa tiyi. Sindinawanyengerere.

Lachiwiri, 23 September

Masiku onsewa osaimba. Lero ndikuwaveka masokosi, akuti, "Tiyezge. You. Beside me." Dzina langa alitchula bwino kuposa manager! Ndiye kuti akaimba ku ukwati kuja, ine ndili pambali pawo. Ndavomera ndisanayang'ane n'komwe rota ya ntchito. Aggie wati tisinthana shift.

Tiziyeserera 2 koloko iliyonse, chitseko chotseka. Agogo a mu Room 15 akugogoda khoma, akuti tikweze.

Lachitatu, 1 October

Diresi langa la chitenje lakwana. Iwo suti yakula, Belinda wakabweza m'chiuno. Noti yapamwamba ya m'nyimbo yawo ikukanabe. Ikutuluka kawiri pa kasanu basi.

Loweruka, 4 October

Ndikulemba ku hotelo ya phwando la ukwati, nsapato ndavula.

M'tchalitchi bambo James anakana wheelchair. Anaimirira atakolowekera mkono wanga. Poyamba mawu aang'ono, kenako anakula mpaka kudenga. Pa noti ija anasweka. Zala zawo zinandifinya. Ndimati basi, tikukhala pansi.

Anaseka! Anakweza chala kwa woimba organ, n'kuyambiranso. Ulendo uno inatuluka, yaitali, yoyera. Mkwatibwi misozi chuchuchu. Ine kudziiwala, nthungululu m'tchalitchi cha Aairishi! Wansembe anadzidzimuka mpaka buku kugwa.

Kuno bambo James adya mbale yonse, akupempha keke yachiwiri. Azakhali atatu a mkwatibwi, imvi mbuu, andizungulira kuti ndiwaphunzitse nthungululu. Mmodzi wachotsa kale mano oikirira, akuti akumusokoneza lilime. Akundikoka dzanja, ndimalizitsa ma—