Alamu Akuyeza Makoma

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi akazi anu ndi ana. Nanga bondo lija linasiya kuvuta? Kuno tilipo, kupatula chifuwa chimene chagwira wamng'onoyu.

Zimene mwamvazo n'zoona. Alamu anga, mkulu wawo wa malemu bambo a ana, ali m'nyumba muno. Inde, omwe aja ana anawatcha Kabawi, amene anabwera ndi galimoto misozi isanaume n'kunyamula makina anga osokera onse awiri, ine n'kutsala ndi sizasi yokha.

Anatulukira kutchalitchi kwathu ataonda ngati ndodo yawo yomwe, ati atembenuka mtima. Ine mumtima ndinati ehe, kabawi waphunzira kulira ngati nkhuku. Nyimbo amaimba kuposa a kwaya, ameni wawo amafika abusa asanamalize. Posakhalitsa zinamveka kuti shuga wawagwira, akazi awo anawathawa, ndipo akusowa pokhala pafupi ndi chipatala. Nyumba yoyandikana ndi chipatala ndi yanga, achimwene. Mukuona mmene zinalukidwira?

Abusa sanandikakamize kuti ndiwatenge alamuwo. Anangondifunsa chifukwa chake ndimatsokomola pa Pemphero la Ambuye. Manyazi anandigwira, poti n'zoona. Popempha kuti Mulungu atikhululukire ndimatchula bwinobwino, koma tikafika pa mawu akuti "monga", pamene timalonjeza kuti ifenso timakhululukira anzathu, ndimangotsokomola. Ndinawauza kuti pakanakhala "ngakhale", bwenzi ndikupemphera mokweza kuposa aliyense. Anaseka, n'kunena kuti telala ndine, koma sizasi yodulira mawu amenewo palibe amene ali nayo.

Anzanga ena anandiuza za mpingo wina kumene amapempherera adani kuti apse. Sindinama, ndinaulakalaka. Koma ndinadzifunsa kuti ndikathawa Yesu pamene wandiuza zowawa, ndiye kuti zaka zonsezi ndimatsata chiyani, nyimbo? Ndinasesa chipinda chosungiramo nsalu, ndikutukwana chamumtima, n'kuitana alamuwo.

Tsopano imvani. Tsiku lina masana ndikuyeza kasitomala diresi, ndinaona alamu aja akuyenda motsatira khoma, chikhatho chili pakhomapo, milomo ikuwerenga. Kuchoka pakhomo la chipinda chawo mpaka pawindo, kuchoka pawindo mpaka kubafa. Ndinati basi, akuyeza nyumba kuti akauze wogula. Ndinawakalipira pamaso pa kasitomala, n'kuwauza kuti wakuba ndi wakuba ngakhale atanyamula Baibulo.

Anatembenuka kuti andiyankhe, koma anayang'ana chidole chimene ndimavekapo madiresi. Anachiuza chidolecho, mwaulemu ndithu, kuti adokotala anena kuti maso awo akutsekeka, ndiye akuphunzira nyumbayi kuwala kusanathe, kuti asamadzandivutitse kuwaperekeza kuchimbudzi.

Mukuganiza kuti ndinakhulupirira? Ayi. Ndinati sewero limeneli ndi la akatswiri. M'mawa mwake ndinakoka kabenchi kachitsulo n'kukaika pakati pa njira yawo, ine n'kuima kukhitchini kusuzumira. Ndinkati munthu woona akazemba, ngakhale pang'ono pokha. Sanakazembe. Anakawomba ndi mwendo n'kugwa chafufumimba, magazi chuu. Ndipo mukudziwa kuti bala la munthu wa shuga silichedwa kuola.

Ndikuwamanga balalo anandipepesa, ati agwetsa benchi yanga. Achimwene, ndinalira. Koma ndikuuzeni zoona, ngakhale pomwepo kamtima kena kankanong'ona kuti wofuna nyumba angapirire bala. Za makina aja sanatchulepo mpaka lero, ndipo ine sindikudziwa ngati analapadi. Mwina sindidzadziwa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndamva kuti mukufuna kubwera kudzawatulutsa ndi makofi. Chonde musabwere ndi zimenezo. Ndikudziwa kuti ndi chikondi, ndipo ndinu nokha amene munandiimira nthawi ija. Koma ngati akundinamiza, mlanduwo ndi wawo ndi Mulungu. Ndikawataya pamsewu ali akhungu, mlanduwo ukhala wanga. Sindikuwasunga chifukwa ndi abwino kapena chifukwa ndawakonda. Mtima sunafike, angoyamba ndi manja.

Dzulo ndinalumikiza zidutswa za nsalu n'kupanga chingwe, ndachimanga kuchoka pakhomo pawo mpaka kuchimbudzi kuti azigwira poyenda. Makina atsopano amene ndinagula ndimawatsekera kuchipinda kwanga, ndipo kiyi ali pakhosi panga usana ndi usiku. Zonse ziwirizi ndi ineyo, achimwene. Mundipempherere kuti chingwe chisaduke kiyi asanachoke pakhosipa.

Mupereke moni kwa akazi anu, ana onse ndi azakhali. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Telala wanu uja